Mafunso a Owerenga: Masiku Anayi ku Cape Town, Tiyambire Pati?

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mzinda umodzi, Cape Town. Tasankhapo asanu, ena tawafupikitsa.

*Mwana wathu amagwira ntchito ku Cape Town ndipo watiitana, ine ndi mayi akunyumba, kuti tikacheze mu Disembala. Iye azikhala kuntchito, ife tili ndi masiku anayi oti tizungulire tokha. Tikufuna tikaone phiri lija komanso ndende ya Mandela. Tiyambire pati?*
Bambo a ku Chilomoni, Blantyre

Zikomo bambo. Ku Cape Town pulogalamu simupanga nokha, mumapangana ndi mphepo. Anthu a kunyanja amaudziwa mwera, umene ukayamba asodzi amakokera mabwato kumtunda. Mzindawu ulinso ndi mwera wake, wochokera kum'mwera chakum'mawa ngati wathu uja, koma uwo umalimba kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, nthawi yomwe inu mukupitayo. Eni ake amautcha Cape Doctor. Zinthu ziwiri zimene mwatchulazo ndi zomwenso mphepoyi imakonda kusokoneza: ikakula, chikepe choyenda pa chingwe chokwera phiri la Table Mountain amachiyimitsa, ndipo nyanja ikawinduka boti la ku Robben Island, chilumba chimene kuli ndendeyo, silinyamuka.

Ndiye muchite chonchi. Tikiti ya ku Robben Island muigule pa intaneti musananyamuke kuno, chifukwa mu Disembala malo amatha kudakali masiku ambiri. Sankhani boti loyamba la 9 koloko m'mawa, tsiku lachiwiri la ulendo wanu. Osaika tsiku lomaliza. Boti likalephereka amakubwezerani ndalama kapena kukusinthirani tsiku, koma kusinthako kungakuthandizeni chiyani ngati mawa lake mukubwerera kwanu? Boti limanyamukira pa Nelson Mandela Gateway ku doko la V&A Waterfront, ndipo mufikepo kudakali mphindi 30. Ulendo wonse, kupita, kuzungulira pachilumba ndi kubwerera, umatenga maola atatu ndi theka kapena anayi. Pachilumbapo mumayamba ndi basi, imene imadutsa pa nyumba imene anasungamo payekha Robert Sobukwe, mtsogoleri wina wolimbana ndi tsankho, komanso pa mgodi wa laimu pomwe akaidi ankaphwanya miyala. Kenaka mumalowa m'ndende momwemo wapansi, ndipo kawirikawiri wokuyendetsani amakhala munthu amene anamangidwapo pomwepo. Kachipinda ka Mandela, komwe anakhalamo zaka 18, kuyambira 1964 mpaka 1982, mumakaonera pakhomo: m'litali ndi m'lifupi kamangopitirira pang'ono mamita awiri, muli mphasa ndi mabulangete pansi, katebulo ndi ndowa. Ngati mayi amachita nseru pamadzi, amwe mankhwala ake ola limodzi boti lisananyamuke. Kumwa mankhwalawo nseru itayamba kale sikuthandiza.

Phiri musalipatse tsiku. Dzukani m'mawa uliwonse muliyang'ane. Ngati pamwamba pake payera, ndipo tsamba la intaneti la kampani ya chikepecho likuti atsegula, siyani zonse mupite nthawi yomweyo. Ngati mtambo woyera wayala pamwamba ngati nsalu ya patebulo n'kumatsikira m'mbali, musataye ndalama: mukangoona chifunga chonga cha chiperoni cha ku Thyolo. Mugule tikiti pa intaneti kuti muime pamzere umodzi m'malo mwa iwiri, ndipo mufike asanatsegule, chifukwa ikamati 10 koloko mu Disembala mzere umakhala utafika kumsewu. Chikepecho chinayamba kuyenda mu 1929. Cha masiku ano chimanyamula anthu 65, chimakwera mphindi pafupifupi zisanu, ndipo pansi pake pamazungulira, choncho palibe chifukwa cholimbirana windo. Pamwamba ndi mamita oposa 1,000, kumazizira ngakhale kunsi kukuwotcha. Juzi musayisiye. Mukamva huta ikulira pamwambapo, ndiye kuti mphepo ikukula ndipo akufuna kutseka. Bwererani kuchikepe msanga, apo ayi mutsika ndi miyendo.

Tsiku la mphepo ndi la mtauni. Malo ake ali moyandikana, mumayenda wapansi. Yambirani ku District Six Museum mu Buitenkant Street, kumene akufotokoza za dera limene boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha, anthu oposa 60,000 n'kusamutsidwa. Pafupi pomwepo pali Castle of Good Hope, linga lomangidwa pakati pa 1666 ndi 1679, ndi City Hall, pomwe Mandela analankhula kwa khamu la anthu pa 11 Febuluwale 1990, tsiku lomwe anatuluka m'ndende. Mukakwera Adderley Street mupeza Slave Lodge, nyumba imene ankasungiramo akapolo, ena mwa iwo ochokera ku Mozambique ndi Madagascar, ndipo pambali pake pali tchalitchi cha St George's, momwe anaika phulusa la Desmond Tutu. Malizirani ku Bo-Kaap, kwa nyumba za utoto wowala zija, kumene kuli mzikiti wa Auwal wa mu 1794. M'nyumbazo mumakhala anthu, choncho osakwera pakhonde la eni kukajambulitsa musanapemphe. Ikakwana 12 koloko mumva kuphulika kwakukulu kuchokera ku Signal Hill. Musathawe, ndi mzinga wodziwitsa nthawi. Tsikuli lisakhale Lamulungu, poti District Six Museum satsegula.

Tsiku lotsalalo ndi la ku Cape Point, nsonga ya mtunda wolowa m'nyanja kum'mwera kwa mzindawu, ndipo limatha lonse. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera mtauni. Popita dzerani ku Muizenberg, Kalk Bay ndi Simon's Town, muime pa Boulders kuona mbalame za m'nyanja zotchedwa penguin, pobwerera mudzere Chapman's Peak ndi Hout Bay. Chifukwa chake n'chakuti galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu kuno, ndiye mukazungulira motere nyanja imakhala mbali yanu popita ndi pobwerera pomwe, komanso dzuwa lolowa limakupezani kugombe la kumadzulo. Mu Disembala limalowa cha m'ma 8 koloko usiku. Msewu wa Chapman's Peak ndi wa makilomita 9, wolipira, ndipo nthawi zina amautseka poopa miyala yogumuka. Anyani a ku Cape Point amatsegula zitseko za galimoto ndipo amalanda chikwama m'manja akangomva fungo la chakudya. Kuwapatsa chakudya n'koletsedwa, pali chindapusa. Wina akakuuzani kuti apa ndiye pothera Africa kum'mwera, mungomwetulira: pothera penipeni ndi Cape Agulhas, kutali chakum'mawa.

*Tilibe galimoto ndipo sitikufuna kuvutitsa achibale. Tingayende bwanji?*
Mayi a ku Chipata, Zambia

Mayi, njira zilipo zinayi, iliyonse ndi ntchito yake. Mabasi a mzinda otchedwa MyCiTi ndi otsika mtengo ndipo amafika ku Waterfront, Sea Point, Camps Bay ndi Hout Bay. Salandira ndalama m'basi. Mumagula khadi ya myconnect pa siteshoni ngati ya Civic Centre, n'kuikamo ndalama, munthu aliyense yakeyake. Khadiyo mumaigunditsa pa makina pokwera, n'kuigunditsanso potsika. Apa ndi pomwe alendo ambiri amalakwitsa: akaiwala kugunditsa potsika, makinawo sadziwa pomwe atsikira ndipo amawadula chilango. Nthawi yomwe anthu akupita ndi kuweruka kuntchito mtengo umakwera.

Basi yofiira yosanja ya City Sightseeing ndi yodulirapo, koma tsiku loyamba imathandiza kuti muudziwe mzinda. Mumalipira kamodzi, n'kumatsika ndi kukweranso pomwe mwafuna. Njira ina imadutsa pa siteshoni ya chikepe cha phiri ndi ku Camps Bay, ina imazungulira kuseri kwa phiri kudzera ku munda wa maluwa wa Kirstenbosch, womwe unakhazikitsidwa mu 1913. Mufunse nthawi ya basi yomaliza, chifukwa imasiya kuyenda dzuwa likadalipo.

Madzulo gwiritsani ntchito Uber kapena Bolt, ndipo musanakwere yerekezerani nambala ya galimoto ndi imene ili pafoni. Sitima ya pamtunda yopita ku Muizenberg ndi Fish Hoek ndi yotchipa ndipo kuyambira ku Muizenberg imayenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, ikwereni masana. Ku Cape Point kokha ndiko kulibe basi wamba. Kumeneko mulipire ulendo wa tsiku lonse wa kampani yoyendetsa alendo, kapena mubwereke galimoto. Osapita ndi Uber poganiza kuti mukapeza ina yobwerera, netiweki kumeneko ndi yovuta ndipo madalaivala sadikirira kumeneko.

*Ndamva kuti alendo ochokera kunja amawalipiritsa ndalama zambiri pa mageti. N'zoona?*
Wowerenga wa ku Mzuzu

N'zoona, koma si ponse, ndipo pasipoti yanu ikhoza kukupulumutsirani ndalama. Ku Cape Point ndi ku Boulders, malo oyang'aniridwa ndi SANParks, bungwe la boma losamalira malo a zachilengedwe, mitengo ilipo itatu: ya nzika za South Africa, ya nzika za mayiko a SADC, ndi ya ena onse. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse ali mu SADC, ndipo mtengo wathu ndi pafupifupi theka la umene amalipira wochokera ku Ulaya. Koma pa geti amafuna kuona pasipoti ya munthu aliyense. Mukaisiya kunyumba, kulankhula Chichewa sikukhala umboni, mulipira mtengo wonse. Tenganinso khadi ya kubanki chifukwa mageti awiriwa salandira ndalama zapamanja, ndipo musananyamuke kuno mudziwitse banki yanu kuti khadiyo mukaigwiritsa ntchito kunja.

Ku Robben Island kuchotsera kwa SADC kulibe, timalipira mtengo wa alendo. Nyumba ya zaluso ya Zeitz MOCAA ku Waterfront, imene inatsegulidwa mu 2017 m'nkhokwe yakale ya chimanga ndi tirigu, yakhala ikulowetsa ulere nzika za mayiko a mu Africa Lachitatu m'mawa. Yang'anani patsamba lawo sabata yomwe mukupitayo. Company's Garden, gombe la Camps Bay ndi kanjira ka m'mbali mwa nyanja ku Sea Point n'zaulere. Kusamba ku Camps Bay kokha tikuchenjezeni: madzi ake si a ku Salima, amazizira moti miyendo imachita dzanzi m'mphindi zochepa. Ofuna kusambira apite ku Muizenberg, ndipo asambire pakati pa mbendera za opulumutsa anthu.

*Ndinakwerapo Sapitwa. Table Mountain ndingalephere kukwera wapansi? Sindikufuna kulipira chikepe.*
Mnyamata wa ku Mulanje

Achimwene, miyendo muli nayo, poti Sapitwa ndi mamita 3,002 pomwe nsonga ya Table Mountain, pa Maclear's Beacon, ndi 1,086. Koma phiri ili limapweteka anthu chifukwa cholipeputsa, poti lili m'kati mwa mzinda. Njira yosasocheretsa ndi Platteklip Gorge, yoyambira mu Tafelberg Road, kupitirira siteshoni ya chikepe. Ndi masitepe a miyala okhaokha, maola awiri kapena atatu, ndipo mthunzi ndi wochepa kwambiri. Nyamukani 6 koloko m'mawa ndi madzi malita awiri, chipewa, ndi jekete yotchinga mphepo. Njira ina, ya India Venster, imene imadutsa pansi pa chingwe cha chikepe, ioneka yachidule koma ili ndi malo okwera ndi manja pathanthwe. Musaiyese popanda woidziwa, makamaka potsika.

Cholakwika chofala ndi ichi: munthu amakwera atawerengera kuti atsika pa chikepe, akufika pamwamba apeza atseka chifukwa cha mphepo, madzi atha, mawondo akunjenjemera. Muzisunga mphamvu ndi nthawi yotsikira wapansi. Chifunga chikakupezani pamwamba, musachoke m'njira. Osakwera nokha, mukhale anayi kapena kuposerapo, chifukwa m'njira zina za m'phirili anthu amalandidwa mafoni. Nambala yangozi pa foni yam'manja ndi 112. Ngati mupite mu Julayi kapena Ogasiti, imeneyo ndi nyengo yawo ya mvula ndi chisanu, ndiponso ndi pomwe chikepe amakonda kuchitseka kuti achikonze.

*Ndi ziti zazing'onozing'ono zimene anthu amaiwala?*
Mayi a ku Area 25, Lilongwe

Pulagi. Masoketi ambiri a ku South Africa ndi a mano atatu obulungira, pomwe athu ndi a makona, ndiye tchaja yanu sikalowa popanda adaputa. Wotchi musasinthe, nthawi ndi imodzimodzi. Simu khadi amakulembetsani ndi pasipoti. M'malo odyera, woperekera chakudya amayembekezera kangachepe kokwana 10 pa 100 iliyonse ya bilu.

Mtauni muli akathyali ovala ngati alonda, amene amaimitsa alendo n'kunena kuti msewu watsekedwa kapena kuti pakufunika chilolezo choyendera, kenaka n'kukulondolerani ku makina a ATM kuti mukalipire. Chilolezo chotero kulibe. Akufuna aone nambala yanu yachinsinsi ndi kukusinthirani khadi. Musayankhe, lowani m'sitolo yapafupi. Ndalama muzitapa pa ATM ya m'kati mwa banki kapena m'sitolo zazikulu, ndipo wokuthandizani amene simunamupemphe mumukane.

Chachikulu ndi chidindo cha pa pasipoti. Mmalawi amaloledwa kucheza ku South Africa mpaka masiku 30 popanda viza, koma tsiku lomwe limagwira ntchito ndi limene a zolowa ndi kutuluka alemba pa chidindocho, choncho muliwerenge musanachoke pa kauntala. Mukapitiriza ngakhale ndi masiku ochepa, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo mukapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho ndi zaka zisanu. Oyenda pa basi awerengerenso msewu: kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400, usiku wonse ndi chigawo cha tsiku, ndipo pobwerera masiku amenewo amawerengedwa mpaka mutadinditsa pa Beitbridge.