Mwana ajambule amene amadya nawo nsima

Mphunzitsi wina wa ana a mkaka ku Katete watilembera imelo. Ali ndi ana 24 a zaka 4 mpaka 6, ndalama ya penti palibe. Atawauza kuti ajambule mtengo wa banja wokhala ndi bokosi la atate ndi la amai, ena anangokhala duu ndi pepala loyera, chifukwa amaleredwa ndi ambuya awo. Akufunsa kuti achite bwanji kuti mwana aliyense anyadire kwao.

Aphunzitsi, mtengo wa mabokosiwo usiyeni, sugwirizana ndi mabanja akuno. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, amalume ndiwo eni mbumba. Kwa Angoni a Mpezeni amatsata kuchimuna. Ana ambiri akukulira kwa ambuya kapena kwa amai aang'ono. Funso limene aliyense angayankhe ndi lakuti, "Kwanu nsima ya madzulo umadya ndi ndani?" Amene watchula ndiwo ajambule. Akawonjezapo mbuzi, isiyeni, nayonso ndi ya pakhomo.

Yambani ndi guluu, chifukwa zonse zidalira iye. Sungunulani masupuni 4 a ufa wosalala wa chinangwa kapena wa tirigu m'kapu imodzi ndi theka ya madzi ozizira. Mukathira m'madzi otentha umachita mibulu. Ikani pamoto wochepa, muzitakasa kwa mphindi 5 mpaka ukhale ngati phala lamadzimadzi, kenaka thiranimo supuni yaing'ono ya mchere kuti usachedwe kusasa. Ufa wa chimanga musavutike nawo, sumata bwino. Phikani wokwanira masiku awiri basi.

Penti ili pabwalo pomwepo: katondo wa mtundu wofiira, makala osinja a wakuda, zotsala za choko za woyera. Chilichonse chisefedwe, apo ayi timiyala timakanda pepala. Pa masupuni 2 a dothi losefa ikani supuni imodzi ya guluu ndi madzi pang'ono. Dothi la madzi okhaokha limaoneka bwino likadali lonyowa, koma likauma limayoyoka lonse mwana asanafike nalo kunyumba. Pepala la m'kope limapindika likanyowa, choncho pemphani makatoni m'magolosale, mudule kukula ngati makope awiri ogundanitsa. Burashi ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo kotswanya kunsonga, ngakhale ana a zaka 4 amakonda chala chawo.

Ntchitoyi igaweni masiku atatu, mphindi 20 patsiku. Tsiku loyamba ajambule anthu. Wa zaka 4 adzajambula mutu waukulu, miyendo ikutuluka pachibwano. Ndiwo msinkhu wake, musamugwire dzanja kuti mukonze. Musafunsenso kuti "Chimenechi n'chiyani?" Nenani kuti "Tandiuza, awa ndani?" ndipo zimene wayankha lembani m'munsi monga wanenera: "Ambuya akukazinga nshawa." Mawu amenewo ndiwo makolo amayamba kuwerenga.

Tsiku lachiwiri ndi la chitenje, ndipo apa m'pamene chithunzi chimasanduka cha nyumba imodzi yokha. Mwana aliyense abwere ndi kachidutswa ka chitenje chakale cha kwao, kukula ngati chikhatho chake, amatire pa munthu amene amachivala. Uthengawu muwauze makolo nokha, chifukwa mwana wotumidwa pakamwa amakadula chitenje chatsopano cha ku tchalitchi. Sungani zidutswa za kwa telala za amene abwera chimanjamanja, azisankha okha pa mulu. Guluu apake pa katoni, osati pa nsalu, ndipo apsinje ndi chikhatho akuwerenga mpaka 10.

Tsiku lachitatu ndi la m'mphepete. Tumizani funso kunyumba lakuti chiwongo chawo ndi chiti, kaya Phiri, Banda, Mbewe, Jere kapena Zulu, mulembe pamwamba ndi zilembo zazikulu, mwana adinde chala chake pambali. Mzere wozungulira apange ndi zimene kwao amalima. Mbewu zaziwisi zimafumbwa ndipo makoswe amazitsata, choncho makoko a nshawa ndi makoko a chimanga ong'amba ndiwo amakhalitsa. Nyemba ndi njere za chimanga zisafike m'manja mwa ana aang'onowa, amaziika m'mphuno.

Ena adzafuna kujambula Nc'wala ya ku Mtenguleni ya mu February kapena Kulamba ya ku Mkaika ya mu August, poti anapitako ndi akuluakulu awo. Aloleni. Koma zigoba za gule musapangitse m'kalasi. Eni mwambo sangakondwere, makolo ena a mpingo nawonso ayi, ndipo mlanduwo ugwera inu.

Mwana akajambula kholo lomwalira, musamutembenuzire kwina kapena kumuonetsa kwa anzake. Lembani dzina limene watchula, ndipo madzulo muwatsine khutu amene amamulera.

Zithunzi ziume pamthunzi, zitagona pansi, tsiku lathunthu. Padzuwa katoni imapindika, nsalu n'kumatuka. Popachika, pachikani zonse 24 pa chingwe chimodzi, pa msinkhu wa maso a ana, popanda malikisi. Nyengo ya mvula chingwecho chitalikire khoma, chifukwa guluu wa ufa amachita nkhungu akagunda chinyezi.