Ma frequency a packet radio kuno ku Joni: yankho kwa m'bale wa ku Rosettenville

Imelo yandipeza kuchokera kwa m'bale wina amene akukhala ku Rosettenville koma kwawo ndi ku Mangochi. Mwachidule akuti anagula kawailesi kam'manja ka Baofeng, akuwerengera mayeso a laisensi ya amateur radio (yolola munthu wamba kuulutsa pa wailesi yakeyake), ndipo anamva kuti anthu amatumizirana mauthenga olemba kudzera pa wailesi popanda intaneti, zija amati packet radio. Atafufuza pa Google anapeza manambala awa: 144.390, 145.010, 145.030 ndi 145.050. Anawalowetsa onse mu wailesi koma kuli zii. Funso lake ndi lakuti, "Ma frequency enieni ndi ati, nanga ndingafike nawo kumudzi?"

Achimwene, zikomo polemba. Poyamba penipeni, manambala amenewo afufuteni. Ndi oona, koma ndi a ku America ndi Canada, ndipo ena mwa iwo kuno angakuyambanitseni ndi anthu.

Bungwe la ITU, loyang'anira za mtokoma pa dziko lonse, linagawa dziko lonse m'zigawo zitatu pa nkhani ya mafunde a wailesi. Africa ili mu Region 1 limodzi ndi Ulaya ndi Middle East, pomwe America ili mu Region 2. Pa bandi ya mamita awiri, chigawo cha mafunde a VHF momwe muli manambala anuwo, anzathu a ku America ali ndi malo kuyambira 144 mpaka 148 MHz. Ife tili ndi theka lake chabe, 144 mpaka 146 MHz, ndiye kagawidwe ka malowo sikangafanane. Kumeneko 145.010 ndi 145.050 ndi malo a packet kuyambira kale. Kuno chigawo choyambira 145.000 mpaka kufupi ndi 145.200 ndi polowera mawu opita ku ma repeater, makina aja amene amakhala pamalo okwera n'kumabwereza zimene amva pa frequency ina, 600 kHz pamwamba pake. Ndiye inu mutati mwapeza laisensi n'kuyamba kutumiza packet pa 145.050, phokoso lanulo likhoza kutulukira pa 145.650 n'kusokoneza macheza a anthu dera lonse. Madala a wailesi kuno ndi aulemu, koma pa zimenezo sachedwa kukufufuzani.

Nambala imene mukufunika kuyambira ndi 144.800 MHz pa FM. Imeneyi ndiyo ya APRS kuno ku South Africa komanso ku Ulaya, ndipo ntchito yake ndi yomwe ija imachitika pa 144.390 ku America. APRS ndi mtundu wa packet umene anayambitsa Bob Bruninga, wa callsign (dzina la pa wailesi) WB4APR, amene anamwalira mu 2022. Siteshoni imaulutsa kauthenga kakafupi konena pamene ili, nyengo, kapena mawu ochepa opita kwa munthu wina, ndipo ma digipeater, amene ali ngati ma repeater a mauthenga olemba, amakalandira n'kukaponyanso patsogolo. Mukasiya wailesi pamenepo mumva kaphokoso kokhadzula, kosakwana sekondi imodzi nthawi zambiri, kenako bata, kenako kena. Amenewo ndi mamvekedwe awiri, 1200 Hz ndi 2200 Hz, akusinthana pa liwiro la 1200 baud (kasinthidwe ka sigino pa sekondi), atanyamula uthenga wokonzedwa m'dongosolo la AX.25.

Chifukwa chimene simungapezere mndandanda umodzi wodalirika wa ma frequency ena onse n'chakuti ogamula ake ndi atatu. ICASA, monga bungwe la boma loyang'anira mafunde kuno ku South Africa, imanena malire a bandi ndi mphamvu imene mungatumizire malinga ndi laisensi yanu. Kenako mabungwe a anthu a wailesi, IARU Region 1 ndi South African Radio League, SARL, amalemba band plan yosonyeza kuti apa ndi pa mawu, apa pa Morse, apa pa ma satellite, apa pa zadijito. Koma kunena kuti siteshoni ya packet (node) yakutiyakuti ikhale pa frequency iyi, amasankha ndi mwini siteshoniyo kapena kalabu yake, mogwirizana ndi anzawo a m'deralo. Zili ngati ma taxi a mu town muno: mapu akuonetsani msewu, koma mzere umene ikuimapo ya ku Randburg lero mkati mwa renki ya Bree mumaudziwa pofunsa amene ali pomwepo. Band plan yatsopano itengeni kwa SARL, osati pa tsamba limene linalembedwa kalekale ndi munthu amene mwina anasamukira ku Durban n'kuzimitsa zida zake.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi kumvetsera. Lumikizani potulukira mawu pa wailesi ndi kompyuta, muikemo pulogalamu yaulere ya Direwolf kapena soundmodem ya UZ7HO. Masiku akale pankafunika kabokosi kapadera kotchedwa TNC, lero kompyuta yakale yokha ikukwanira. Pa Baofeng muzimitse battery save, chifukwa imagoneka wailesi pang'onopang'ono ndipo mutu wa paketi umadutsa isanadzuke. Squelch nayo, ija imatseka mkokomo pakakhala palibe woyankhula, muitsegule, pulogalamuyo imadziwa yokha kusiyanitsa mkokomo ndi uthenga. Voliyumu isakwere kwambiri, mawu akaphwanyika palibe chimene chiwerengeke.

Mizere ikayamba kutuluka, muiwerenge modekha. Ma callsign ambiri ayamba ndi ZS6, ZR6 kapena ZU6, popeza 6 ndi nambala ya chigawo chino. Kumapeto kwake kumakhala kanambala kena: -9 nthawi zambiri ndi galimoto, -7 ndi wailesi yam'manja, -10 ndi siteshoni yolumikizidwa ku intaneti kapena ya Winlink, njira yotumizira imelo pa wailesi. Chofunika kwambiri kwa inu ndi mawu a kumapeto kwa beacon, kauthenga kamene siteshoni imadzilengezera. Eni masiteshoni ambiri amalemba pamenepo frequency imene akumvetsera, repeater ya kalabu yawo, nthawi zina ngakhale tsiku la msonkhano. Ndiye 144.800 imakulozerani kwina konse. Zomwezi mungazione pa aprs.fi mutalemba Johannesburg, ngakhale kuti tsambalo limaonetsa zokhazo zimene zafika pa intaneti, osati zimene eriyo yanu ingamve muli pa khonde ku Rosettenville. Za Winlink, tsamba lawo lili ndi mapu a ma gateway, masiteshoni olumikiza wailesi ndi intaneti, aliyense ndi frequency yake ndi mtundu wa sigino. Muonetsetse ngati palembedwa Packet kapena VARA FM, ziwirizi sizimvana.

Ngati muli ndi kandalama kapadera, gulani ka RTL-SDR, kachipangizo kooneka ngati fulashi kolowetsa pa USB. Kamatha kuona malo opitirira pang'ono 2 MHz nthawi imodzi, kutanthauza kuti bandi yathu yonse ya mamita awiri imakwana pa sikirini imodzi. Munthu akamayankhula, pamaoneka mzere wautali wogwederagwedera. Paketi imaoneka ngati kachidutswa kakafupi kamene kamabwerabwera pamalo amodzimodzi. Mukakaona, lembani nambala yake, mulozetse Direwolf pamenepo. Chitani chimodzimodzi pa bandi ya 430 mpaka 440 MHz, kungoti iyo ndi yotakata ndiye muiyendera m'zigawozigawo, ndipo kumeneko ena amagwiritsa ntchito 9600 baud imene m'khutu imangomveka ngati mkokomo wamba.

Ndikuuzeniretu kuti musadzakhumudwe: packet ya masiku ano si ija ya m'ma 1980 ndi m'ma 1990. Anthu a wailesi ku Montreal anayamba kuiyesa mu 1978, gulu la TAPR ku Tucson linapanga ma TNC otsika mtengo, ndipo panafika nthawi imene mizinda yambiri inali ndi BBS yosungira makalata. Intaneti itafala, ambiri a masiteshoni amenewo anazima. Zimene zili ndi moyo kwambiri lero ndi APRS ndi Winlink. Komanso bata silitanthauza kuti nambala ndi yolakwika. Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, zomwe ndi zabwino pa VHF, koma mzindawu uli ndi zitunda monga Northcliff ndi Linksfield, ndipo amene ali kuseri kwa chitunda kapena m'chipinda chapansi pa fulati samva zambiri ndi kaeriyo kaja kamabwera ndi wailesi. Magetsi akazima, digipeater yopanda batire yabwino imazimanso. Eriyo yapanja imasintha zinthu kwambiri, bola muziizula ku wailesi mitambo ikayamba kuda, mphenzi za kuno nthawi ya dzinja si zamasewera.

Musachitenso manyazi kupita ku kalabu. Kuli Sandton Amateur Radio Club, West Rand Amateur Radio Club, ina ku Kempton Park, ndipo likulu la SARL lili ku Radiokop, ku Roodepoort. Munthu amene amasamalira digipeater akuuzani m'mphindi ziwiri zimene mungafufuze mwezi wathunthu. Kumenekonso ndi kumene amathandiza okonzekera mayeso a laisensi aja, otchedwa RAE, amene amalembedwa mu Meyi ndi mu Okutobala. Kufikira ICASA itakupatsani callsign yanuyanu, batani loulutsira la PTT musaligwire.

Tsopano za kumudzi. Kuchoka kuno kufika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 1,300 molunjika, ndipo Mangochi ili patsogolo pake. VHF imayenda pafupifupi mmene diso limaonera, ndiye Baofeng payokha siingafike. Mtunda wotere ndi wa HF, mafunde a frequency yotsika amene amafika kutali, kumene packet imayenda pa 300 baud, ndipo imafuna wailesi ina ndi waya wautali. APRS ya pa HF imapezeka pa bandi ya mamita 30. Apa m'pamene manambala amasokoneza kwambiri: wina alemba 10.1476 USB, wina 10.151 LSB, wina 10.1492 ndi 10.1494. Onsewa akunena sigino imodzi. Apa USB ndi LSB ndi ma sideband, mbali yam'mwamba ndi yam'munsi ya nambala yooneka pa wailesi, osati USB ya pa kompyuta ija. Awiri oyambawo ndi manambala ooneka pa wailesi pamene modem ikutulutsa 1600 Hz ndi 1800 Hz, mukawonkhetsa pa USB kapena kuchotsera pa LSB mupeza awiri omalizawo, amene ndi malo enieni a siginoyo mumlengalenga. Choncho pa HF nambala yopanda kunena sideband ndi mamvekedwe a modem ndi yoperewera.

Njira ina, yosangalatsa koma yosadalirika, ndi International Space Station. Ili ndi digipeater pa 145.825 MHz, imauluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo ikamadutsa pakati pathu imatha kuona Joni ndi Malawi nthawi imodzi. Imaoneka kwa mphindi pafupifupi 10 basi, ndipo si nthawi zonse pamene digipeater imakhala yoyatsa. Mulimonsemo, kumudziko payenera kukhala munthu wa laisensi yochokera ku MACRA, wa callsign yoyamba ndi 7Q, ndi zida zake. Muzikumbukiranso kuti chilichonse chotumizidwa pa mabandi amenewa aliyense amachiwerenga, kubisa uthenga n'koletsedwa, ndipo malonda saloledwa. Za ndalama zimene mwatumiza kapena katundu amene ali pa basi, pitirizani kuwauza pa WhatsApp.