Musadine "Proceed" kaye, yambani mwaona deti la pa kompyutayo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati kompyuta yanu ya kunyumba, ya Windows 7, inakhala miyezi yambiri osayatsidwa, ndipo mutaiyatsa Chrome yayamba kukana pafupifupi tsamba lililonse ndi mawu oti "Your connection is not private". Mwatinso pulogalamu imene mukufuna kuika ikumaima panjira n'kutulutsa nambala yoti 0x800B0101. Ndaona kuti ena akuuzani kale kuti muzimitse antivirus, enanso akuti mungodina "Advanced" kenako "Proceed" basi. Chonde bayembekezani musanachite zimenezo. Mavuto awiriwa ine ndikuona kuti gwero lake ndi limodzi, ndipo ndikukayikira kwambiri wotchi ya kompyuta yanuyo.

Ndifotokoze chifukwa chake, kuti musamangotsatira mawu anga mwachimbulimbuli. Machenjezo onse awiriwa akukhudza chinthu chotchedwa satifiketi. Satifiketi ili ngati chiphaso cha tsamba la pa intaneti. Pamalembedwa dzina la tsambalo, dzina la bungwe limene linaipereka, tsiku limene inayamba kugwira ntchito ndi tsiku limene idzathe. Browser ikalandira chiphasochi imaona ngati dzinalo likufanana ndi tsamba limene mwatsegula, ngati masiku ake akadalipo, komanso ngati amene anachiperekayo ndi wodalirika. Chimodzi chikangolakwika, imakuimitsani. Mapulogalamu ochokera kumakampani odziwika nawonso amabwera atasainidwa ndi satifiketi yotereyi, ndipo Windows imaiyang'ana isanalole kuti aikidwe. N'chifukwa chake browser ndi pulogalamu yanu ija zikudandaula nthawi imodzi.

Tsono kompyuta ilibe njira ina yodziwira kuti lero ndi liti kupatula wotchi yakeyo. Masatifiketi a masamba ambiri masiku ano ndi a nthawi yochepa. A Let's Encrypt, limodzi mwa mabungwe opereka masatifiketi, akhala akuperekedwa a masiku 90 okha. Wotchi ikabwerera m'mbuyo n'kumanena kuti tili mu 2010, kompyutayo imaona ngati satifiketi iliyonse ndi ya m'tsogolo, nthawi yake sinakwane, ndiye imakana zonse. Nambala mwatumizayo, 0x800B0101, tanthauzo lake ndi lomwelo: satifiketi siili mkati mwa masiku ake poyerekeza ndi wotchi ya kompyuta. Mukayang'anitsitsa pansi pa chenjezo la Chrome lija, ndikuyembekeza kuti mupeza palembedwa NET::ERR_CERT_DATE_INVALID.

Yang'anani pansi chakumanja kwa sikirini, dinani pa wotchipo, ndipo muone chaka. Anthu ambiri amaona ola ndi tsiku n'kuiwala chaka. Konzani chaka, mwezi, tsiku, ola ndi time zone, kenako pitani pa "Internet Time" mudine "Update now". Mukatero tsekani Chrome yonse n'kuitsegulanso.

Zikatheka, musathamangire kusangalala. Zimitsani kompyutayo, zulani chingwe cha magetsi, dikirani kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, muyatsenso. Deti likabwereranso m'mbuyo, ndiye kuti kabatire ka pa motherboard katha mphamvu. Ndi kabatire kozungulira kaphwatalala, konyezimira, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3. Ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi pamene kompyuta yazimitsidwa, ndipo kamatha msanga kompyuta ikakhala nthawi yaitali yosalumikizidwa ku magetsi, monga mmene yanuyi inakhalira. Pa desktop kusintha kwake n'kosavuta: zulani magetsi, tsegulani chivundikiro cha m'mbali, gwirani kaye chitsulo cha bokosilo kuti muchotse magetsi a m'thupi, kanikizani kokowera kake ndipo kabatireko kadumpha kokha. Katsopanoko mbali ya chizindikiro cha + iyang'ane kumwamba. Pa laputopu n'kovutirapo, chifukwa pa ena kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki, kali ndi timawaya tiwiri, ndipo kamabisika pansi pa kiyibodi. Ngati simunatsegulepo laputopu, mpatseni wodziwa. Ine ndinataya madzulo onse tsiku lina ndikufufuza kachilombo pa kompyuta ya m'bale wanga, pamene vuto linali kabatire komweka. Kuyambira pamenepo, chinthu choyamba chimene ndimayang'ana ndi deti.

Koma n'kutheka kuti mukonza deti, nambala n'kusintha. Ngati Chrome iyamba kunena NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID, kapena pulogalamu ija n'kutulutsa 0x800B0109, ndiye kuti tafika pa vuto lachiwiri, limene ndi lofala kwambiri pa Windows 7. Apa ndipo ndikufuna tikhalitsepo pang'ono.

Mkati mwa Windows muli mndandanda wa mabungwe amene kompyuta imawakhulupirira, otchedwa root. Satifiketi ya tsamba imasainidwa ndi bungwe lina, limenenso linasainidwa ndi lina pamwamba pake, mpaka unyolowo ukafike pa root. Root ikakhala kuti mulibe pa mndandanda wa kompyuta yanu, unyolo wonse umaoneka wabodza ngakhale tsambalo lili labwinobwino. Maroot nawonso amatha nthawi. Pa 30 September 2021 inatha root yotchedwa DST Root CA X3, imene masamba ochuluka a Let's Encrypt ankadalira, ndipo makompyuta ndi mafoni akale amene analibe yolowa m'malo mwake, ISRG Root X1, anayamba kukana masamba ambirimbiri tsiku lomwelo. Windows imayenera kumatenga yokha maroot atsopano kwa Microsoft, koma ngati ma update anazimitsidwa kalekale, kapena ngati Windows yanuyo ndi ija yochotsedwachotsedwa zinthu imene anthu ena amaika, sizichitika. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani certmgr.msc, tsegulani "Trusted Root Certification Authorities", muone ngati ISRG Root X1 ilipo.

Njira ina yabwino yoyesera ndi Firefox. Iyo imayenda ndi mndandanda wakewake wa maroot, pamene Internet Explorer ndi Chrome yakale zimadalira wa Windows. Ndiye ngati deti lili bwino, Firefox n'kumatsegula masamba amene enawo akukana, mwapeza pamene pali vuto. Ya Windows 7 yomaliza ndi Firefox 115 ESR. Poti browser yanu ikukana, kaitengeni pa kompyuta ina kuchokera pa tsamba la Mozilla lenilenilo, muiike pa flash.

Mankhwala enieni ndi ma update. Onetsetsani kuti muli ndi Service Pack 1. Dinani kumanja pa "Computer" n'kusankha "Properties", zilembedwa pamenepo, pamodzi ndi zoti Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Kenako, pa kompyuta ina ija, pitani pa Microsoft Update Catalog mukatenge KB4490628 ndi KB4474419 zogwirizana ndi mtundu wanuwo. Ziwirizi n'zofunika chifukwa mu 2019 Microsoft inasiya kusaina ma update ndi njira yakale ya SHA-1 n'kuyamba kugwiritsa ntchito SHA-2 yokha, ndipo Windows 7 yopanda ziwirizi siitha kuwerenga siginecha yatsopanoyo. Imangoona ngati fayiloyo sinasainidwe n'komwe. Yambani ndi KB4490628, kenako inayo, ndipo muziyatsanso kompyuta mukamaliza iliyonse. Mukatero yatsani Windows Update muisiye itenge zotsalazo, ngakhale zitenge usiku wonse.

Palinso nkhani ya TLS 1.2, njira imene kompyuta yanu ndi seva zimatumizirana zinthu mobisa. Timapulogalamu tambiri toikira zinthu ndi tating'ono chifukwa timakatenga zotsalazo pa intaneti pamene tikuika, ndipo maseva ambiri anasiya kulandira TLS 1.0 ndi 1.1. Pali update yake, KB3140245, koma imafunanso kusintha zina mu registry, mmene Windows imasungira makonzedwe ake, ndiye musalimbane nazo panokha. Chapafupi n'kufunafuna pa tsamba la mwini pulogalamuyo fayilo yathunthu yolembedwa "offline installer".

Tsopano za malangizo munapatsidwa aja. Sindikunyoza amene anakuuzaniwo, ankafuna kukuthandizani, koma kudina "Proceed" kuli ngati kulandira mlendo amene chiphaso chake mwachikayikira kale. Nthawi zambiri palibe choopsa, zoona. Koma tsiku limene munthu wina wakhala pakati pa inu ndi tsambalo, chenjezo lake limakhala lomweli, ndipo pasiwedi yanu imadutsa m'manja mwake. Pa tsamba la banki, imelo, kapena paliponse polemba pasiwedi, musadutse chenjezoli ngakhale kamodzi.

Choopsa kuposa pamenepo ndi ichi: wina akakutumizirani fayilo ya satifiketi, yothera ndi .cer kapena .crt, n'kunena kuti "ikani iyi mu Trusted Root, zonse zitheka", kanani. Mwini wa root imeneyo akhoza kupanga satifiketi ya tsamba lililonse padziko lapansi, kompyuta yanu n'kuilandira popanda chenjezo lililonse. Si nkhambakamwa ayi. Mu 2015 zinadziwika kuti malaputopu ena a Lenovo ankagulitsidwa ali ndi pulogalamu yotchedwa Superfish, imene inkaika root yakeyake kuti izilowetsa malonda m'masamba, ndipo akatswiri atapeza kiyi yake zinaoneka kuti aliyense akanatha kunamiza malaputopu onsewo. Ngati pangafunike kuika root pamanja, ichokere pa tsamba la mwini wake, monga la Let's Encrypt kapena la Microsoft, osati kwa munthu.

Pa za antivirus, pali kachoonadi pang'ono. Ena amatsegula masamba otetezedwa, a HTTPS, kuti awasanthule, ndipo amachita zimenezi poika satifiketi yawo m'malo mwa ya tsambalo. Antivirus yoteroyo ikakalamba kapena ikaonongeka, masamba onse amayamba kukanidwa. Koma simufunika kuzimitsa yonse kuti mudziwe. Dinani pa mawu oti "Not secure" pafupi ndi adiresi ya tsamba, tsegulani satifiketiyo, muwerenge pa "Issued by". Mukaona mayina ngati DigiCert, Sectigo, GlobalSign, Google Trust Services kapena Let's Encrypt, ili bwino. Mukaona dzina la antivirus yanu, ikonzeni ndi update, kapena zimitsani gawo lokhalo losanthula HTTPS. Mukaona dzina lachilendo, ndipo n'kukhala lomwelo pa tsamba lililonse, pamenepo m'pofunika kuda nkhawa: siyani kulowa pa akaunti iliyonse, onani mu "Internet Options", pa "Connections" kenako "LAN settings", ngati pali proxy (kompyuta yapakati imene intaneti yanu imadutsamo) imene simunaike ndinu, ndipo sinthani mapasiwedi anu pogwiritsa ntchito chipangizo china.

Ngati ndi tsamba limodzi lokha limene likukana, ena onse akutseguka, yesani pa foni. Likakananso kumeneko, vuto ndi la eni tsambalo, inu mulibe chokonza.

Pulogalamu ija ikapitiriza kukana zonsezi zitatheka, nambala yake ikuuzani kolowera. 1618 ndiye kuti pali china chimene chikuikidwa kale, dikirani kapena yatsaninso kompyuta. 0x80070005 ndiye kuti yakanizidwa chilolezo, dinani kumanja pa fayiloyo musankhe "Run as administrator". 1603 sinena zambiri, koma kawirikawiri zimatheka mukachotsa mtundu wakale wa pulogalamuyo, kufufuta za mu %temp% ndi kuona kuti pa C: pali malo okwanira. Mukhozanso kutsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba sfc /scannow kuti Windows ikonze mafayilo ake oonongeka. Ndipo musanaike chilichonse, dinani kumanja pa fayiloyo, "Properties", "Digital Signatures", muone ngati dzina la wosaina ndi la kampani imene mukuiyembekeza. Fayilo yoduka pakati potsitsa imalepheranso pamenepa, ndiye kungoitsitsanso nthawi zina kumakwana.

Chinthu chimodzi ndisakubisireni. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo Chrome yomaliza kugwira pamenepo ndi 109, ya kumayambiriro kwa 2023. Zonse ndanenazi zikhoza kuidzutsa kompyutayo, koma mabowo atsopano a chitetezo amene akupezeka sakutsekedwanso, ndipo pulogalamu zina zizikanabe chifukwa eni ake anasiya kupangira Windows 7. Polembera makalata, kumvetsera nyimbo ndi kusungira zithunzi ikadali yabwino. Za ndalama ine sindingachitirepo. Windows 10 nayonso nthawi yake inatha pa 14 October 2025, ndiye ngati makinawo sangakwanitse Windows 11, ganizirani za Linux Mint, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makompyuta ambiri akale. Chilichonse chimene musankhe, yambani mwakopera zithunzi ndi mafayilo anu pa flash kapena hard disk ina.

Koma lero chitani chimodzi chokha: onani chaka chimene wotchiyo ikunena, muchikonze. Zikakanikabe, ndilembereni mawu a zilembo zikuluzikulu amene ali pansi pa chenjezo la Chrome, dzina limene lili pa "Issued by", komanso ngati Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit, tipitirize kuchokera pamenepo.