Kapinga akufota chonsecho ndimathirira, vuto lili pati?

Funso: Akonzi, kapinga wa pakhomo panga wayamba chikasu ndipo malo ena wathothoka. Ndimathirira, feteleza ndimathiranso, koma madzi amangodikha pamwamba. Ndithandizeni. — Wowerenga

Yankho: Musawonjezere feteleza, vuto lanu ndi dothi lotsendereka. Pomwe anthu amadutsadutsa kapena pomwe pamaima galimoto, timipata ta m'dothi timatsekeka, makamaka ngati dothilo ndi lamakande. Mpweya ndi madzi sizifika ku mizu, ndiye mizuyo imangoyanga pamwamba, dzuwa likawomba n'kupsa.

Yesani kaye. Tengani msomali wautali, muubaye ndi dzanja pa dothi lachinyezi. Ukakanika kulowa masentimita 5, dothilo likufunika kuboola.

Tchetchani kapingayo, kenako mupalase ndi reki udzu wakufa umene wayalana pansi. Ukakhuthala kuposa sentimita imodzi ndi theka, nawonso umatchinga madzi. Thirirani kutatsala tsiku limodzi kuti muboole. Dothi louma gwaa foloko yoboolera siilowa, pomwe lamatope limamatika m'mbali mwa bowo n'kutsekanso njira ya mpweya.

Pa malo aang'ono foloko ya kudimba ndi yokwanira. Ipondeni ilowe masentimita 10 mpaka 15, muigwedeze pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kuti dothi ling'aluke, muizule molunjika. Sunthani masentimita 10 mpaka 15 n'kubayanso. Pomwe pathothoka bwerezani mopingasa. Komabe pa makande chida chabwino ndi chija cha mano amphako, chimene chimazula timibulu ta dothi. Foloko imangokankhira dothi m'mbali, pomwe ichi chimalichotseratu, ndipo bowo limakhalitsa. Nsapato zamisomali kunsi zoboolera kapinga zija musatayirepo ndalama, sizilowa mokwanira.

Timibuluto musatole, timasungunuka tokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Wazani kompositi yosefa, yokhuthala osapitirira sentimita imodzi, muisesere m'mabowo ndi tsache lolimba, nsonga za udzu zizionekabe. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amathira mchenga wosalala wokhawokha pa makande, dothi n'kulimbiratu. Ngati mukufuna mchenga, ukhale wokhakhala, wosakaniza ndi kompositi. Manyowa osawola bwino amawotcha udzu komanso amabweretsa mbewu za zomera zosafunika.

Nthawi yabwino yoboola ndi pomwe kapinga akukula mwamphamvu, kuti mabala apole msanga. Mukaboola nthawi yachilala kapena udzu utaima kukula, mabowowo amangoumitsa mizu ndipo zomera zosafunika zimapezerapo malo. Kapinga wongodzalidwa kumene musiyeni athe chaka.

Pa makande opondedwa kwambiri, muziboola kamodzi pachaka. Pa dothi lamchenga, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Musanabaye, dziwani pomwe padutsa mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi okwiriridwa. Mukamaliza thirirani, ndipo galimoto ija muipezere pena poima.