Buku la The Electric State si la mwana wa zaka 10

Asisi, mwati mwana wanu wa zaka 10 anaikonda kwambiri filimu ya The Electric State ya pa Netflix, ndiye mukufuna kumugulira buku lake. Ndalamayo yambani mwaisunga kaye. Filimu ija ya 2025, yomwe muli Millie Bobby Brown ndi Chris Pratt, inangotengako dzina, mtsikana uja ndi kaloboti kachikasu basi. Nthabwala zonse zija, komanso chinkhondo chakumapeto chija, m'bukumo mulibe.

Bukulo analemba ndi kujambula yekha Simon Stålenhag wa ku Sweden, ndipo la Chingerezi linatuluka mu 2018. Nkhani yake ikuchitika mu 1997 yongopeka. Mtsikana wotchedwa Michelle akuyenda pa galimoto kumadzulo kwa America, kulowera kunyanja, ali ndi kaloboti kotchedwa Skip. Mawu ndi ochepa, zithunzi ndiye zimadzaza tsamba lonse, ndipo nkhani yeniyeni ili m'zithunzimo. Pena mumaona zibakha zachikasu zazitali kuposa nyumba zitaima m'chipululu, thupi lonse mabowo a zipolopolo. Pena munthu ali gone, nthiti zikuwerengeka, kumutu atavala chipangizo chotchedwa neurocaster. Chinamutengera kudziko la pakompyuta mpaka anaiwala kudya. Wolembayo safotokoza zambiri, amangokusiyani muone nokha kuti magetsi akuyaka, zikwangwani za malonda zikuwala, koma anthu akutha. Kwa ine mphamvu ya bukuli ndi imeneyi, ndipo filimu inaitaya chifukwa chofuna kulongosola chilichonse. Koma muli imfa, muli kuzunzidwa kwa mwana, ndipo zithunzi zina mwana akhoza kulota nazo. Limeneli ndi la inuyo, kapena wachinyamata wa ku sekondale.

Kwa mwanayo funani The Wild Robot la Peter Brown, la 2016. Loboti yotchedwa Roz ikupezeka pachilumba chopanda anthu sitima yonyamula katundu itamira. Nyama zonse zikuiopa, ikuphunzira chilankhulo chawo pomangoziyang'anitsitsa, kenako ikulera katsekwe kamasiye, Brightbill. Mitu yake ndi yaifupi, ina tsamba limodzi kapena awiri, Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo zithunzi zakuda ndi zoyera zili ponseponse moti mwana satopa. Imfa ilimo ndithu, makolo a katsekweko amafa pangozi yomwe Roz yemweyo anachititsa, koma anaifotokoza mwa msinkhu wa ana. Filimu yake inatuluka mu 2024, koma ndikanakhala ine ndikanayamba ndamupatsa buku.

Mukamaitanitsa onetsetsani dzina bwinobwino, chifukwa pali mabuku enanso otsatira, The Wild Robot Escapes ndi The Wild Robot Protects, ndipo mwana akayambira pakati sangamvetse kuti Roz anafika bwanji pachilumbapo.