Mwana wanga waitanidwa kukaonetsa zojambula ku Venice, kodi ndikongole ndalama?

"Aphungu, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 21. Anamaliza sekondale zaka ziwiri zapitazo ndipo anakhoza bwino, koma mtima wake uli pa kujambula basi. Bambo ake akufuna akaphunzire zowerengera ndalama, iye akukana. Mwezi watha walandira uthenga pa Instagram woti wasankhidwa kukaonetsa zithunzi zake ku Venice pamodzi ndi ojambula a mayiko ena, koma ayambe walipira ndalama ya khoma lopachikapo zithunzi, ya buku la chionetsero ndi ya kalata ya viza. Akuti akakafika kumeneko adzadziwana ndi anzake akunja ndipo umphawi udzatha. Bambo ake akuti n'zopusa. Ine ndili pakati. Ndatumiza zithunzi zake zitatu kuti muone. Kodi ndikongole ndalamazo bambo ake asakudziwa?"

Mayi, musakongole. Ndayamba ndi yankho kuti ngakhale foni ikuthereni moto musanafike kumapeto, mukhale mutamva chachikulu.

Makalata ngati anuwa amandipeza kawirikawiri, ndipo amafanana ngati wolemba ndi mmodzi. Pamakhala mwana waluso amene wangokhala pakhomo, bambo amene anagamula kale ntchito ya mwanayo asanayambe n'kukwawa komwe, ndi uthenga wochokera kutsidya kwa nyanja. Chimasintha ndi dzina la mzinda: lero Venice, mawa Paris, mkuja Dubai.

Kunjako kuli malo amene ntchito yawo ndi kubwereketsa khoma. Sadandaula ngati chithunzi chagulidwa kapena ayi, chifukwa kasitomala wawo ndi wojambulayo. Uthenga umodzimodziwo amaumwaza kwa anthu ambirimbiri, ndipo aliyense wolipira ndiye "wasankhidwa". Ena alibe ngakhale khomalo, ndi akuba chabe, mukatumiza ndalama akaunti yawo imasowa. Amakonda kutchula Venice, mzinda wa ku Italy, chifukwa n'kumene kumachitikira Venice Biennale, chionetsero chimene chinayamba mu 1895, ndipo amadziwa kuti wachinyamata akamva dzinalo mutu umaima. Ku chionetsero chenichenicho munthu amaitanidwa ndi mkulu wochikonza, kapena amatumidwa ndi dziko lake. Zimbabwe inatsegula malo akeake kumeneko mu 2011, ndipo mu 2013 Angola inatenga mphoto yaikulu ya chionetserochi, yotchedwa Golden Lion, ndi zithunzi zimene Edson Chagas anajambula m'misewu ya ku Luanda. Palibe mwa amenewa anatumiza ndalama kwa munthu wosamudziwa wa pa Instagram. Kalata ya viza nayonso sigulidwa. Bungwe limene likukufunadi limalemba lokha, pa pepala lake, ndipo ofesi ya kazembe imatha kuliimbira foni.

Si paliponse potchula ndalama pali chinyengo, ayi. Pali malo ena oona amene wojambula amalipira chipinda ndi chakudya chake. Koma amenewo ndi a anthu amene ali nazo kale, osati a mnyamata amene mayi ake akukagogoda kwa wobwereketsa.

Komabe mwana wanu sanalakwe pa zonse. Wojambula amene sakumana ndi anzake a kwina amangozungulira pamodzimodzi, kubwereza zimene anazidziwa ali ndi zaka 16. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kulakwa kwake n'koti akuganiza kuti kukumana kumeneko kumayambira pa tikiti ya ndege yopita ku Ulaya.

Mu 1982 wosema wa ku Britain, Anthony Caro, ndi mnzake Robert Loder anaitana ojambula ochokera ku Britain, America ndi Canada kuti akagwire ntchito malo amodzi kumidzi ya m'chigawo cha New York kwa milungu iwiri. Panalibe mphunzitsi, panalibe mayeso, panalibe satifiketi. Aliyense anali ndi kona yake, utoto wake, zitsulo zake, ndipo mnzake wa pafupi amamuona akuyesa, akulephera, akufafaniza. Anautcha msonkhanowo Triangle chifukwa cha mayiko atatuwo. Wojambula wa ku South Africa, David Koloane, anapitako, ndipo atabwerera anayambitsa wofanana nawo ndi Bill Ainslie mu 1985, wotchedwa Thupelo. Inali nthawi ya tsankho, pamene wojambula wakuda analibe malo okwanira otambasulira chinsalu chachikulu ndipo ogula amangofuna zithunzi za umphawi wa m'makomboni. Pa Thupelo anthu anapeza mpata woyesa zimene msika sunawatume.

Kuchokera pamenepo moto unayaka dera lonse. Ku Zimbabwe kunabadwa Pachipamwe mu 1988, ku Botswana Thapong mu 1989, ku Zambia Mbile mu 1993, ku Namibia Tulipamwe mu 1994. Tamverani maina awiriwo, Pachipamwe ndi Tulipamwe: ngakhale wosadziwa zinenerozo akumva mawu oti pamodzi. Mu 1991 Koloane ndi Loder anatsegula Bag Factory ku Johannesburg, m'nyumba imene kale inali fakitale ya matumba, kuti ojambula akhale ndi zipinda zokhazikika ndi polandirira alendo. Ku London kunatsegulidwa Gasworks mu 1994, ku Nairobi Kuona Trust mu 1995, ku India Khoj mu 1997. Ena mwa maguluwa anazilala, ena akadalipo, ndipo pabadwa ena atsopano.

Ndakhalitsa pa nkhaniyi chifukwa ndi njira imene ndimaikhulupirira. Msonkhano wotere umakhala ndi ojambula pafupifupi 20, ena a m'dzikomo, ena alendo. Amagona malo amodzi, amadyera pamodzi, usiku aliyense amaonetsa ntchito zake zakale n'kufunsidwa mafunso osanyengerera. Tsiku lomaliza amatsegula zitseko kuti anthu adzaone. Wopenta amaona mmene wosema amaganizira ndi manja, woumba amaphunzira kwa wojambula ndi kamera. Chimene chimatsegula khomo lotsatira si chithunzi chimene wapanga m'milungu iwiriyo. Ndi anthu 19 aja, amene aona kuti umadzuka m'mamawa, sukwiya ukadzudzulidwa, umatsuka maburashi ako ndipo umabweza nyundo ya mnzako. Chaka chamawa mmodzi wa iwo akamakonza msonkhano kwawo, nafunsidwa kuti tiitane ndani, dzina lako limatuluka. Ojambula amaitanana okhaokha. Mmenemo ndi mmene maina amadutsira malire, ndipo nthawi zambiri malire oyamba amadutsidwa pa basi.

Maganizo amenewa sanathere ku misonkhano yaing'ono. Chionetsero cha documenta, chimene chimachitika ku Kassel m'dziko la Germany zaka zisanu zilizonse, mu 2022 chinaperekedwa m'manja mwa gulu la ojambula la ku Indonesia lotchedwa ruangrupa. Iwo anaitana magulu anzawo, maguluwo n'kuitana enanso, ndipo dongosolo lonselo analitcha lumbung, kutanthauza nkhokwe ya mpunga ya mudzi wonse.

Tsopano iwe mnyamata, poti ndikudziwa kuti mayi ako akupatsa foni kuti uwerenge. Zaka ziwiri wakhala pakhomo, wamaliza zithunzi zingati? Sindikufunsa zoyamba n'kusiya. Kodi m'dera lako umadziwa ojambula angati amene anakuposa, ndipo unapitako liti kukawaonetsa ntchito yako? Ukufuna kukacheza ndi ojambula a ku Italy pamene wa tsidya lina la msewu sunamupatse moni. Kudikira kuti wina akutulukire pa Instagram si ntchito, ndi ulova wovala bwino.

Amene amasankha anthu opita ku residency, kumene wojambula amapatsidwa chipinda ndi nthawi kwa mwezi umodzi kapena itatu, amayamba ndi portfolio. Imeneyi ndi zithunzi 10 kapena 15 za ntchito zako zaposachedwa, zojambulidwa powala bwino, popanda mthunzi wa dzanja lako kapena mwendo wa mpando, chilichonse ndi dzina lake, chaka, kukula kwake ndi zimene unagwiritsa ntchito. Amafuna aone kuti ntchitozo zikuchokera m'mutu umodzi umene ukulimbana ndi funso linalake. Kenako ndime imodzi kapena ziwiri zofotokoza chimene umachita ndi chifukwa chake ukufuna malo amenewo osati ena. Usalembe kuti unayamba kujambula uli mwana ndipo luso ndi moyo wako. Aliyense amalemba zomwezo, ndipo wowerenga amakhala atatopa nazo pofika fomu yachisanu.

Mipata yeniyeni imalengezedwa poyera, ndi tsiku lotsekera. Masamba a pa intaneti a Res Artis ndi TransArtists ali ndi mndandanda wa malo a padziko lonse, ndipo amalemba ngati malowo amalipirira ulendo kapena wojambula adzilipirire. Mabungwe monga Goethe-Institut, British Council, Pro Helvetia ndi Prince Claus Fund amakhala ndi mapologalamu othandiza ojambula nthawi ndi nthawi. Ku Dakar, kumene kumachitikira chionetsero cha Dak'Art zaka ziwiri zilizonse, kulinso Black Rock Senegal imene Kehinde Wiley anatsegula mu 2019. Werenga malamulo awo mpaka kumapeto. Tenga pasipoti lero, chifukwa kalata yoona ikabwera sidikira.

Ndikuuzenso zosakoma. Rijksakademie ya ku Amsterdam, kumene wojambula amakhala zaka ziwiri ndi chipinda chake, imalandira mafomu oposa 1,000 pa chaka, malo osafika 30. Ambiri amene amalowa ali ndi madigiri ndi zaka zambiri za ntchito. Iwe pano sungalowe. Udzakanidwa kambiri ngakhale m'malo aang'ono, ndipo ambiri sadzakuyankha n'komwe. Ukadzapeza mwayi, viza ikhoza kukanidwa ndipo ndalama ya fomu sabweza. Ukadzapita, udzabwerako ndi anzako atsopano, maganizo atsopano ndi chikwama chopepuka ngati mmene chinapitira. Residency si ganyu. Ndipo ngati m'mtima mwako cholinga ndi kukatsalira kunjako viza ikatha, usadetse dzina la luso. Aliyense wothawa amatsekera khomo anzake khumi obwera pambuyo.

Ukadzayamba kugwira ntchito imodzi ndi wojambula wakunja, mugwirizane musanatsegule chitini cha utoto. Dzina la ndani lidzalembedwa? Ntchitoyo ikatha idzatsala kuti? Ikagulidwa mudzagawana bwanji? Ndani ali ndi ufulu wosindikiza zithunzi zake? Mulembe, ngakhale pa imelo. Zimachitika kuti mlendo amabwera ndi ndalama ndi kamera, eni dera amapereka manja, nkhani ndi nkhope zawo, kenako ntchitoyo ikaonetsedwa kunja pakhoma pali dzina limodzi. Kufunsa zimenezi si mwano. Safunsa anadya phula. Usasinthenso dzanja lako kuti ufanane ndi zimene ukuganiza kuti alendo amafuna, monga zithunzi za dzuwa lolowa ndi njovu. Akakuitana amakhala akufuna chimene alibe.

Bambo, ndabwera kwa inu. Pa za ku Venice mwanena zoona. Pa zina zonse mwandikwiyitsa. Zaka ziwiri zatayika chifukwa inu mwaima pa zowerengera ndalama, mwana waima pa utoto, ndipo palibe akusuntha. Mukapambana mudzapeza chiyani? Ndaona ana ambiri okankhidwira ku maphunziro amene sawafuna. Amalephera chaka chachiwiri, fizi yapita, luso lija lachita dzimbiri, ndipo pakhomo palibe wolankhula ndi mnzake. Mantha anu oti adzadya chiyani ndi oyenera. Yankho lake ndi loti aphunzire zimene zili pafupi ndi luso lake: digiri kapena dipuloma ya zojambula, uphunzitsi wa luso, kapena kukonza zithunzi ndi zolemba pa kompyuta, ntchito imene makampani, nyuzipepala ndi osindikiza mabuku amaifuna. Sukulu imamupatsa aphunzitsi omulembera makalata omuchitira umboni, anzake omudzudzula, ndi mbiri ya luso kuti asamaganize kuti watulukira zimene ena anachita zaka 60 zapitazo.

Mumve za El Anatsui. Anabadwira ku Ghana mu 1944, ndipo mu 1975 anasamukira ku Nsukka m'dziko la Nigeria kukaphunzitsa pa yunivesite. Anaphunzitsa zaka zoposa 30, akusema mitengo ndi kuumba dongo pambali. Ntchito zimene zinamutchukitsa dziko lonse, zinsalu zikuluzikulu zolukidwa ndi zitsekerero za mabotolo a mowa ndi waya wa kopa, anaziyamba atapitirira zaka 50, ndipo amazipanga ndi gulu la omuthandiza. Mu 2015 Venice yeniyeniyo inamupatsa Golden Lion ya ntchito ya moyo wake wonse. Malipiro a uphunzitsi ndi amene anamusunga zaka zonse zimene dziko linali lisanamudziwe. Ngati mukufunadi kuti mwanayo adziwe za ndalama, muphunzitseni kulemba bajeti. Fomu iliyonse yopempha thandizo la ulendo imafuna bajeti, ndipo ojambula ambiri amagwera pomwepo.

Mayi, zithunzi zitatu zija ndaziona. Ziwiri ndi nkhope za oimba otchuka zokopera pa intaneti. Zafanana, inde, koma makina osindikizira amachita zomwezo mofulumira. Azichotse. Chachitatu, cha manja a munthu wosoka nsapato, ndinachiyang'ana kawiri. Chala chachikulu chapindika molakwika ndipo kumbuyo anathamangira, komabe zikuoneka kuti anakhala pansi n'kumuyang'anitsitsa munthuyo. Pamenepo pali kanthu, sindinena zambiri kuti angatupe mutu. Ndalama imene mumafuna kukongola ija, ngati mungapeze kachigawo kake popanda ngongole, igule utoto, mapepala ndi fomu ya sukulu. Muuzeni ajambule zina khumi zonga chachitatucho pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, akazionetse kwa ojambula awiri omuposa, kenako andilembere zimene amuuza. Alembe yekha. Ali ndi zaka 21, kalata yotsatira isachokere kwa mayi ake.