Feteleza yekha angakusankhireni mtsogoleri?

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera imelo. Akuti kwa iwo nkhani ndi imodzi basi, mtengo wa feteleza, ndipo amavotera aliyense amene akuilankhula momveka, ngakhale akhale wa chipani chaching'ono. Amuna awo amawanena kuti akungogawanitsa mavoti. Ndiye akufunsa: kodi bambowa akunena zoona?

Mayi, yankho likutengera pepala lomwe mwagwira m'manja, pakuti tsiku lovota mumapatsidwa atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala.

Pa la pulezidenti, bambo akukumbukira zinthu zenizeni. Mu 2019 Peter Mutharika analengezedwa wopambana ndi mavoti 38 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera anapeza 35, Saulos Chilima 20. Amene ankafuna kusintha anali ochuluka, koma anagawanika pawiri. Khothi litathetsa zotsatirazo mu February 2020, linanenanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Chakwera ndi Chilima atagwirizana, anapambana mu June ndi mavoti oposa 58 pa 100. Kuchokera apo, ngati palibe wodutsa theka, awiri otsogola amabwereranso kukapikisana. Choncho pa pepala ili voterani amene mtima wanu wamukhulupirira. Voti yanuyo ikhoza kukakamiza chibwereza, ndipo akuluakuluwo adzabwera kudzanyengerera munthu wanuyo pamodzi ndi nkhani yake.

Pa la phungu ndi pomwe ndikuda nkhawa, chifukwa lamulo la theka silifika kumeneko. Woposa mnzake ndi voti imodzi watenga mpando. Taonani zomwe zimachitika m'madera athu: wina wagwa pa chisankho cha chipulula, wakwiya, waima payekha. Anthu a maganizo amodzi, ovala nsalu imodzi, agawanika, ndipo wachitatu amene ambiri sankamufuna akudutsa pakati ndi mavoti osakwana ngakhale theka. Mu 2019 aphungu oima paokha analowa m'Nyumba ya Malamulo 55, ena mwa iwo ochokera m'mikangano yotereyi. Apa musanachonge, funsafunsani kumsika ndi kutchalitchi kuti amene akupikisana kwenikweni ndi ati.

Tsono za fetelezayo. Sindikunyozani ayi, munthu amene anaonapo chimanga chikuchita chikasu m'munda amadziwa chomwe akuvotera. Bingu wa Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 mu 2009, ndipo makuponi a feteleza anathandiza kwambiri. Mu 2020 thumba la K4,495 linali pakamwa pa aliyense. Koma feteleza wathu wambiri amachokera kunja, timagula ndi madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, mtengo wa thumba unakwera osafunsa kuti ndani analonjeza chiyani pamsonkhano. Wokuuzani mtengo wa thumba koma osanena komwe madola adzachokere wakuuzani theka la nkhani.

Ndiye nkhani yanuyo igwiritsitseni, koma muifunse mafunso. Wofuna voti yanu akabwera pabwalo la sukulu ndi zimkuzamawu, mufunseni kuti ndalama za pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo adzazichotsa pati mu bajeti, ndipo adzalimbana bwanji ndi mavenda omwe amazungulira pamadepoti. Kumbukiraninso kuti phungu mmodzi sakhazikitsa mtengo wa feteleza, amangovomereza kapena kukana bajeti pamodzi ndi anzake oposa 200, pamene khansala alibe mphamvu iliyonse pa nkhaniyi.